Nsungwi Zodula Mwezi Ukuwala

Domai anatapa mawere, nakweza lichero m'mwamba. Linathyoka pakati. Mawere anakhuthukira pamapazi pake, pamodzi ndi kaufa koyera ka nsungwi.

Linali lachitatu kuthyoka. Lina panalibe.

Analitembenuza. Timabowo tokhatokha, ngati tobaya ndi singano. Mwamuna wake Laichan, amene analuka malicherowo, anali chilili pafupi ndi mulu, ndodo yopunthira ili m'manja.

"Bambo a Tula, nsungwi zija munadula liti?"

Laichan anayang'ana pansi.

"Mwezi unali ukuwala. Lole yotitengera kuganyu youmba njerwa inkanyamuka mawa lake. Ndinati ndikusiyireni malichero."

"Mwatisiyiradi."

M'mudzimo ngakhale mwana ankadziwa. Nsungwi imadulidwa mwezi uli mumdima, madzi ake atatsika. Ukadula mwezi ukuwala, anankafumbwe amaidya cham'kati, kunja ikuoneka yabwinobwino.

Mitambo inali itada kumapiri. Wailesi inati mvula ya masiku atatu. Padwale panali chakudya chawo cha chaka chonse, chosapeta, mankhusu ochuluka kuposa mawere. M'kanyumba kawo muluwo sukanakwana. Ukanyowa, umera. Msika wa ku Onkadelli, kogula malichero, ndi wa Lachinayi. Tsikulo linali Lolemba.

Domai anathamangira padwale la mlamu wake Mongli.

"Mlamu, lichero limodzi lokha."

Mongli sanasiye kupeta. "Bwanji, mmisiri wako uja anakulukira sefa?"

"Usandiseke lero."

Mongli analeka kuseka. Anatsitsa mawu.

"Ukudziwa wekha, mlamu. Lichero likachoka padwale mawere asanalowe m'nyumba, limapita ndi mwayi wa nkhokwe. Achimwene ako angandidye wamoyo. Ndikamaliza ndibwera ndekha, ndidzakupetera."

Domai anayang'ana mulu wa Mongli. Unkafika m'chiuno. Anapita kwa ena awiri. Yankho linali lomwelo, ndipo sanawade. Nayenso akanakana.

Atabwerera anapeza Laichan atakwera pamwala, akukhuthula mawere kuchokera mumphika kuti mphepo iuluze mankhusu. Domai anagwada, nayala nsalu yake. Zinayenda pang'ono. Anadzaza mphika umodzi, wachiwiri n'kufika pakati. Kenako mphepo inangoti zii. Mawere ndi mankhusu zinkagwera pamodzi, mowongoka.

"Ibweranso," anatero Laichan.

Sinabwere. Dontho loyamba linagwa padzanja la Domai, lalikulu, lozizira.

Anatuta zomwe akanatha. Miphika, dengu, nsalu, ngakhale malaya a Laichan. Mulu sunaoneke kuti watapidwa. Mvula itakula, Laichan anatola malichero atatu othyoka aja, nawavindikira pamwamba pa mulu.

Domai anaima pakhonde, mphika wa mawere opeta uli m'manja. Ankaona madzi akulowa m'timabowo tija, n'kutsikira m'mawere. Patsidya, Mongli ankathamangira m'nyumba, lichero lake atalifunda kumutu.