Mlongoti M'kachipinda ka Matawulo

A Lumo anatsegula babashopu yawo m'mamawa tsiku limenelo, ogulitsa mumsewu asanayale n'komwe katundu wawo. Anakankha chitseko pang'ono chabe, kulowetsa mlamu wawo, n'kukiyanso mkati ngati munthu wobisa katundu wakuba.

Mlamuyo anali mlongo wake wa mkazi wawo, chitsirizira cha m'banjamo. Dzina lake lenileni anthu analiiwala kalekale. Aliyense ankangomuti Mlongoti, chifukwa pakhomo lililonse ankalowa chowerama. Ndiye anali katswiri wa Mavu, timu ya basiketibolo ya m'deralo, yovala jezi yachikasu. Anali katswiri wawo mpaka dzulo lake, pamene wailesi inalengeza kuti wapita ku Zipembere, adani awo a kutsidya kwa njanji.

"Alamu, mwandikwiyira?" anafunsa Mlongoti akudzipinda pampando.

"Weramitsa mutu," anatero a Lumo, n'kuyatsa makina.

Mutu umenewo anayamba kuumeta mwini wake asanamere ndevu, atangobwera kudzakhala kwa mlongo wake mayi awo atamwalira. Ndi a Lumo amene anamutengera koyamba kubwalo la Mavu, n'kumusiya m'manja mwa kochi. Chikhalireni iwowo anali sapota wa Mavu, ndipo babashopuyo ndiyo inali bwalo lamilandu la masapota onse. Pakhoma, pamwamba pa galasi, panali chithunzi chachikulu cha Mlongoti ali m'malere, mpira uli kudzanja limodzi.

Nkhani ya kusamukayi a Lumo anaimva kale kwa mkazi wawo, amene anawalumbiritsa kuti isatuluke m'nyumba. Anaisunga m'khosi ngati fupa la nsomba, losamezeka komanso losalavulika.

"Bondo ili lakhala likutupa chaka chonse," anatero Mlongoti, maso ali pansi. "Kochi amangoti manga bandeji ulowe, timu ikufa. Bwalo lathu ndi simenti yokhayokha, alamu. Kuja pansi ndi pamatabwa, ndiponso ali ndi dokotala."

"Ukanapita kwina kulikonse. Koma Zipembere?"

"Ndi okhawo anabwera kudzandifuna."

Makina anali atangodutsa mbali imodzi ya mutu pamene chitseko chinagogodedwa mwamphamvu.

"A Lumo! Tsegulani, makina tikuwamva!"

Anali mawu a Chiphokoso, kondakitala wa minibasi amene ankatsogolera nyimbo kubwalo. Kumbuyo kwake kunkamveka mawu a anthu ena ambiri. Babashopuyo inalibe khomo lakuseri. Inali ndi kachipinda kamodzi kokha kosungiramo matawulo, tsache ndi ndowa, kokhala ndi kazenera kazitsulo koti ngakhale mphaka akhoza kukanirira.

"Lowa umo," ananong'ona a Lumo.

"Alamu, ine ndikwanamo?"

"Lowa, iwe! Ukufuna andiswere magalasi?"

Mlongoti anadzipindapinda n'kukhala pa ndowa yovundikira, mawondo atafika m'makutu. A Lumo anatseka kachitseko, kukankhira tsitsi pansi pa shelefu ndi phazi, n'kukatsegula.

Anthu analowa ngati akufika pamaliro. Mabenchi onse anadzaza, ena n'kutsamira khoma. Pomalizira analowa a Telala, bambo wachikulire amene ankasoka mayunifolomu a Mavu kuyambira timuyo ikuyamba. Anakakhala pakona, msana utatsamira chitseko cha kachipinda kaja.

"Mumameta ndani chitseko chili chokiya?" anafunsa Chiphokoso.

"Ndimayesa makina. Dzulo amadula ngati mano a agogo."

Palibe anaseka. Chiphokoso anadziponya pampando wometera, womwe unali ukadali wofunda.

"Ndimeteni mpala. Ndili pachisoni."

A Lumo anamumanga nsalu m'khosi, ndipo nkhani inabuka. Wina anati jezi yake waiwotcha kale. Wina anati akamuona mumsewu amulavulira, mnzake n'kumuyankha kuti ayambe wapeza makwerero. Apo anthu anasekako pang'ono, kuseka kowawa. Mayi wina wogulitsa mafoni, amene sankaphonya masewero, anati, "Koma tinene zoona, mukanakhala inuyo simukanapita?" Anamuzazira onse pamodzi mpaka anangokweza manja.

"Tinamuimbira nyimbo ife!" anakuwa Chiphokoso, mutu ukugwedezeka moti a Lumo anachotsa kaye makina. "Mawu anga anasasa chifukwa cha iyeyu. Mvula, dzuwa, ife tili pambuyo pake. Lero akavale zakuda za anthu amene anatigenda miyala chaka chatha?"

"Ine sindinakwiye," anatero a Telala motsitsa, ndipo anthu anatchera khutu. "Ndangofooka basi. Chimwalirireni mayi akunyumba, Loweruka ndi tsiku lokhalo limene ndimadzuka ndikudziwa kopita. Kabudula wa mwana ameneyu ndakhala ndikumuwonjezera nsalu chaka ndi chaka. Dzulo mdzukulu wanga wandifunsa kuti, agogo, jezi ya nambala yake ija ndizivalabe? Ndasowa chomuyankha."

Mkati mwa kachipinda munamveka kutsokomola kotsekereza. A Lumo anagwetsa dala chipeso ndi botolo la spiriti, n'kuyamba kutukwana makoswe. Ankadziwa mmene kachipindako kamatenthera dzuwa likagunda malata, ndiponso ankadziwa kuti bondo lija silifuna kupindidwa nthawi yaitali. Koma anthuwo sankaonetsa zoti achoka. Ena anali atavula nsapato.

Chiphokoso anawayang'ana kudzera pagalasi.

"Inu a Lumo, mwangoti zii. Si mlamu wanu ameneyu? Munkadziwa?"

"Ine ndimameta tsitsi, achimwene. Za m'kati mwa mutu sindiziona."

"Musatizembe. Chithunzi ichi chichoke lero. Ndipo tikufuna timve ndi pakamwa panu kuti munthu ameneyu ndi mthirakuwiri."

Maso onse anali pa iwo. Kutsogolo kwawo kunali anthu amene anakula nawo, amene analira nawo ndi kuvina nawo pabwalo lija, amenenso ankawadyetsa ndi mitu yawoyo. Kuseri kwa thabwa lopyapyala kunali mwana amene anamulera. A Lumo anazimitsa makina. Ankafuna kungonena kanthu kopepuka koti anthu akhutire, koma pakamwa patatseguka panatuluka zina.

"Mthirakuwiri sindinena. Koma wandipweteka. Ndinamutenga ndine kupita naye pabwalo paja, nsapato zake zoyamba anavala zanga. Ndinkati ndikamuona akuuluka, ndinkaona ngati ndauluka ndine, munthu woti ndatha moyo wanga wonse nditaima kumbuyo kwa mpando uwu. Kunyumba sindingadandaule, mlongo wake amati chibale ndi fupa. Kuno sindingamuikire kumbuyo. Usiku ndimafuna Zipembere zidzagonje mochititsa manyazi, kukacha ndimaopa kuti wina adzamuthyola mwendo. Ndiye mukufuna ndinene chiyani?"

Kenaka kunamveka phokoso la pulasitiki ikusweka, kuti phwaa, ndi chinthu cholemera chikugunda chitseko. Ndowa ija inali italephera. A Telala anadzambatuka, chitseko n'kutseguka.

Mlongoti anatuluka chokwawa, n'kudzuka pang'onopang'ono atagwira khoma. Malaya ake anali atanyoweratu. Mbali imodzi ya mutu inali yosalala, inayo tsitsi lili njoo, ndipo paphewa panali patakodwa tawulo. Wina anayamba kuseka n'kudzigwira pakamwa.

"Mwadzuka bwanji nonse," anatero.

Ngakhale amene amati amulavulira uja anangoyang'ana zala zake. Munthu amene ankamutukwana ngati chithunzi tsopano anali ataima pakati pawo, akupuma movutikira, mutu utatsala pang'ono kugunda denga.

"Ndamva zonse," anatero Mlongoti. Anapinda buluku mpaka pamwamba. Bondo linali lotupa, lonyezimira, lalikulu kuposa linzake. "Sindinathawe inu. Ndathawa ichi. Ndikaseweranso chaka china pa simenti paja, ndidzayendera ndodo ndisanakwatire n'komwe."

"Bwanji sunatiuze, mwanawe?" anafunsa a Telala.

"Ndinkati ndikakhala pabenchi, agogo, bwalo lonse linkaimba dzina langa mpaka kochi andilowetse. Ndikanauza ndani?"

Chiphokoso, amene ankayambitsa nyimbo imeneyo, anayang'ana kumbali. Koma mtima wake unali usanatsike.

"Ndiye bondo limawawa ukavala chikasu, ukavala zakuda lipola?" Anatembenukira kwa a Lumo. "Ndipo inu, tikulira pano, inu mwatibisira munthu kuseri kwa chitseko? Chabwino. Mitu yosamaliza ilipo iwiri. Sankhani woti mumalize."

Zinalidi choncho. Mpala wa Chiphokoso unali utafika pakati. A Lumo anayang'ana mutu uwu, n'kuyang'ana uwo.

"Lamulo la muno mukulidziwa," anatero. "Woyamba kufika ndiye woyamba kumetedwa."

Chiphokoso anamasula nsalu m'khosi, kuiponya pansi, kuvala kapusi n'kutuluka. Anthu anamutsatira mmodzimmodzi, ena akung'ung'udza, ena osayang'ana m'mbuyo. Mayi wa mafoni anagwedeza mutu ngati akupepesa, koma naye anapita. A Telala anatsalira. Anayandikira Mlongoti, kukweza mutu kuti amuone kumaso, n'kumugwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Bondolo ukalisamalire," anatero. "Koma Loweruka, mukadzabwera kudzasewera kuno, ndidzakukuwiza pamodzi ndi anzanga. Usadzayang'ane kumene ndakhala."

Atatsala awiri, a Lumo anamaliza kumumeta. Mlongoti anayesa kunena kuti, "Alamu, zija mwanena zija," koma iwo anangomutembenuza mutu kuti alambule kuseri kwa khutu.

Masiku otsatira mabenchi anakhala opanda anthu. Ankabwera ndi odutsa okha ndi amayi obweretsa ana. Masapota ankadutsa tsidya lina la msewu kupita kwa wometa wina wa pafupi ndi siteji, amene aliyense ankadziwa kuti amasiya mizere m'mutu. Chithunzi chija a Lumo sanachichotse, komanso analeka kuchipukuta fumbi.

Loweruka Zipembere zinabwera kudzasewera pabwalo la Mavu, kuseri kwa msika. Mkazi wa a Lumo anafika pababashopu atavala bulauzi yakuda.

"Tiyeni, abambo. Mwana akaone nkhope yakwawo ngakhale imodzi."

"Ndikakhale mbali iti?"

"Mbali ya mlamu wanu."

"Ine pakati pa Zipembere? Kuli bwino mundiike m'manda."

"Ndiye kakhaleni ndi anzanuwo."

"Andilandira?"

Mayiyo ananyamuka yekha.

A Lumo anakhala pampando wometera, chitseko chili chotsegula. Msewu unali utauma, anthu onse ali kubwalo. Phokoso linkafika ngati mafunde, likwere, litsike. Ng'oma ya Mavu ankaidziwa, mawu osasa a Chiphokoso ankawamvanso. Nthawi zina kunkabuka mkuwo wautali woipa, ndipo ankadziwa kuti mpira uli m'manja mwa mlamu wawo. Kenaka kunamveka chimkokomo chachikulu, ndipo anapezeka ataima pakhomo, dzanja lili m'mwamba, osadziwa kuti wagoletsa ndani. Analitsitsa n'kubwerera kukakhala.

Mkazi wawo anabwera dzuwa litapendeka, fumbi lili m'mapazi. Anati Zipembere zapambana, koma movutikira. Mlongoti anasewera bwino ngakhale ankakuwizidwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. A Telala anakuwiza nawo, kenaka mayiyo anawaona akupukuta m'maso ndi chipewa. Wina anaponya botolo koma silinamugunde.

"Bondo?" anafunsa a Lumo.

"Anatuluka akuyenda yekha. Wakupatsani moni."

A Lumo anagwedeza mutu. Anatenga tsache n'kuyamba kusesa pansi pomwe panalibe tsitsi.

"Nanga athu anasewera bwanji?"

"Athu ati?" anafunsa mkazi wawo.

Iwo anapitiriza kusesa. Mayiyo anadikira pang'ono, kenaka anawathandiza kulowetsa benchi yapanja, n'kutseka mazenera.