Utsi pa Geti la Kumunsi

Utsi unayamba kutuluka m'chipinda chosungiramo matiresi, kunsi kwa mabenchi a bwalo la mpira, masewera ali mkati. Anthu anakhamukira ku geti la kumunsi, pomwe panali mlonda wamkazi amene anzake ankamutcha Kachitsa chifukwa cha kufupika. Getilo linali lokhoma. Kiyi inali ndi mkulu wa alonda, mlamu wake, kutsidya lina la bwalo.

Kachitsa anavala masiki oteteza ku utsi. Anali ndi mphumu kuyambira ali mwana, ndipo utsi ankauopa koposa moto weniweniwo. Anakanikiza batani la wailesi yolankhulirana alonda.

"Alamu, geti la kumunsi! Bwerani ndi kiyi!"

"Ndani ameneyo?" anayankha mlamuyo. "Ukulankhulira m'botolo kapena? Sindikumva kanthu!"

Anabwerezanso, koma mawu ankathera m'masikimo. Kutsogolo kwake anthu anali atapanikizana pazitsulo. Bambo wina wachikulire anali atasiya kukuwa, wangoyasama. Mayi wina ananyamula khanda m'mwamba, akulira kuti wina alilandire.

"Achemwali, tifera pano!" anakuwa mnyamata wina, akumukoka malaya.

Kachitsa anakoka mpweya wambiri, n'kuvula masiki aja. Utsi unamuluma m'maso ndi pakhosi.

"Alamu, ndi ine! Geti la kumunsi n'lokhoma, anthu akuphwanyana! Kiyi!"

"Mayo ine! Ndikubwera. Vala masiki, iwe!"

Sanavale. Anakwera pa dilamu la zinyalala n'kuyamba kukuwa kuti akumbuyo abwerere, kiyi ikubwera. Ena anamumvera. Chifuwa chinayamba kulira ngati wenzulo, ndipo geti likutseguka iye anali atagwada, akuona mdima wokhawokha.

Anatsitsimuka ali mu ambulansi, atamuika chopumira kumphuno. Mlamu wake anakhala pambali, nkhope ili bii ndi mwaye, masiki a Kachitsa ali pamiyendo.

"Mkulu wako kunyumba ndikanakamuuza chiyani ine?" anatero.

"Khanda lija?" ananong'ona Kachitsa.

"Lili moyo. Bambo aja apita nawo kuchipatala, sitikudziwa ngati apulumuke."

Kenako mlamuyo anatembenuza masikiwo, n'kuwayang'anitsitsa.

"Loweruka likubwerali palibe mlonda wanga amene adzaime pageti. Mabwana agule masiki olankhulirika, apo ayi mpirawo akaulondere okha."