Malo a Maluwa

Unali m'mawa, mame asanaume, ndipo kamphepo ka mwezi wa Juni kankalowa m'malaya. A Zakeyo, mphunzitsi wa pasukulu ya mishoni kufupi ndi Sinda, anali kumanda ndi chingwe ndi zikhomo. Ankayeza malo omangapo chiliza cha akazi awo, a Nelly, amene anamwalira chaka chathachi.

Manda amenewo ndi akale kwambiri. Pansi pa mikuyu yake pagona anthu amene anaona nkhondo ya Angoni, opanda dzina lolembedwa. Akuluakulu amangoloza mtengo. Onse ogona pamenepo ndi a mbumba imodzi. Mkamwini saikidwapo, akafa amamunyamula kupita kwawo. A Zakeyo kwawo kunali ku Vubwi, ndipo chiliza chikatha, abale a Nelly anayenera kuwasudzula kuti azipita.

A Aroni, mdzukulu amene anakumba manda a Nelly, anafika ndi khasu paphewa, nayang'ana chingwecho.

"Aphunzitsi, ine ndinakumba dzenje la munthu mmodzi. Kodi mayiwa anenepa pansipa?"

"Simenti imafuna maziko otambalala," anayankha a Zakeyo. "Nthaka ya pano njofewa."

"Yofewa? Khasu langa linathyokera pompano!"

A Zakeyo anayamba kukhomerera chikhomo chimene chinali cholimba kale.

Posakhalitsa anatulukira a Dorika, akulu awo a Nelly, atasenza chidebe cha madzi okandira simenti. Anatula, nazungulira chingwe chija pang'onopang'ono.

"Alamu, sukulu yonse ija, kuyeza kwakukanikani? Mng'ono wanga anali wochepa thupi. Nanga mbali iyi nja yani?"

"Ndasiya malo a maluwa."

A Aroni anathyola bango, nazemba kumbuyo kwa a Zakeyo, nawayeza kuyambira kuchidendene mpaka kuchipewa. Kenako analigoneka bangolo pamalo a maluwa paja. Linakwana ndendende.

"Mayi, maluwa ake ndi ovala magalasi," anatero a Aroni.

A Dorika anaseka mpaka kugwira m'chiuno. A Zakeyo anavula magalasi n'kumawapukuta ndi mpango.

"Ku Vubwi n'kutali, alamu," anatero osadzutsa mutu. "Ndipo nthawi yamvula msewu wake suyendeka."

A Dorika analeka kuseka. Anayang'ana mulu wa dothi wa mng'ono wawo, udzu wake wozulidwa bwino ngati pakhomo pa munthu. Kenako anawerama, nazula chikhomo chimodzi. A Zakeyo anangoima, mpango uli m'manja. Koma mayiwo sanachibweze mkati. Anachisunthira kunja, nachikhoma ndi mwala.

"Mumagona motaya miyendo inu. Nelly ankadandaula masiku onse."

"Nanga amalume anu akamva?"

"Amalume ndikalankhula nawo ndine. Munthu amene sitinamusudzule ndi wathu. Koma musathamange, maluwawo sitikuwafuna chaka chino. Denga la nkhokwe yanga likudontha, ndipo mkamwini wina ndilibe."

"Ndiye ndidzakumbe liti?" anafunsa a Aroni. "Mundiuziretu, ndisule khasu lina."

"Ndidzakutumizirani uthenga," anatero a Zakeyo.

Kutsidya kwa dambo belu la sukulu linalira. A Zakeyo anavala magalasi, nakunganso chingwe pachikhomo chatsopanocho, nasasa dothi m'mawondo. Anawasiya awiriwo akukangana za mchenga, iwo n'kutsetsereka kanjira kupita kukaphunzitsa masamu.