Kalilole wa Agness Longwe

Sitiroko inamugwetsa Agness Longwe m'munda mwake mwa chinangwa ku Chintheche, n'kumusiya mwendo wakumanzere uli lende ngati wobwereka. Potuluka m'chipatala, mayi wa mafizo anamuphunzitsa chochita: akhale pamkeka atatambalala, aimike kalilole pakati pa miyendo, wofookawo ubisike kuseri. Akamagwedeza phazi labwino maso ali pagalasi, ubongo uziona ngati mapazi onse akugwedezeka, mwina n'kukumbuka ntchito yake yakale.

Agness anauza mwamuna wake, Bryson, kuti achotse kalilole wa pa wadirobu. M'nyumba munali mdima, choncho ankachitira pakhonde, akulikalipira phazi lofookalo m'Chitonga ngati mwana wamwano.

Amayi opita kunyanja kukaviika chinangwa anamuona akulankhula ndi galasi. Posakhalitsa mbiri inawanda yoti akuombeza, akufunafuna amene anamulodza. Ngakhale mlamu wake anasiya kudzamuzonda.

Kenako kunabwera a Wallace Manda, mkulu wa mpingo. Analankhula mozungulira, koma mfundo yake inali yoti Akhristu akukhumudwa. Asiye, kapena azichitira m'nyumba chitseko chili chotseka. Bryson anavomera msanga, maso ali pansi. Agness sanachotse maso pakalilole.

"Ada, ine sindikufuna mfiti m'galasimu. Ndikufuna mwendo wanga. Ngati munauona kwina, ndiuzeni."

A Manda anati anthu akulankhula, ndipo nkhaniyi ikhoza kufika kwa abusa.

"Ifike. Abusawo abwere adzandigwirire galasili, a Bryson manja amawatopa."

Kutacha, Agness anadzikoka ndi matako mpaka pansi pa mtengo wa mango, m'mphepete mwenimweni mwa njira, nalamula kuti kalilole amutsatire. Aliyense wodutsa ankamupatsa moni mokweza, n'kupitiriza kukweza ndi kutsitsa phazi. Ena ankayankha, ena ankalambalala.

Zinatenga nthawi, ndipo masiku ena ankalira ndi ukali. Chala chachikulu cha phazi lofookalo chitayamba kugwedezeka sanaitane munthu. Mvula yoyamba ikugwa, anali akuimirira atagwira chipupa.

Lamulungu lina anavala bulauzi yake yoyera ya Umanyano, gulu la amayi a mumpingo, nakana njinga ya kabaza imene Bryson anaitana. Analowa m'tchalitchi nyimbo yoyamba itatha, akukwakwaza phazi, ndodo ikugogoda simenti. Anadutsa mabenchi onse akumbuyo kumene anthu ankamusendera, mpaka kukakhala kutsogolo.