Fungo la ku Turo

Rogers atangotukula chivindikiro cha chidebe cha m'shedi, anabwerera chambuyo n'kulavula pa kapinga.

"Alamu, ichi si chinthu chosunga munthu wopemphera," anatero atatseka mphuno ndi tayi. "Mng'ono wangayu ankapanga chiyani m'shedi muno?"

Mable anasuzumira m'chidebemo. Mwamuna wake Felton anali kumochale, atagwa ndi matenda a mtima pokwera basi ku Woolwich. Fungolo Mable ankalidziwa bwino, la nsomba yoola yosakaniza ndi adyo. Linkalowa m'malaya, m'mabulangete, ngakhale m'buledi. Ankadana nalo Felton ali moyo, ndipo imfa sinalikometse ngakhale pang'ono.

Koma chomunyansa kwambiri chinali pabalaza. Dzulo lake mayi wina wa mpingo, pofuna mipando, anatsegula shediyo n'kuona mabotolo, zigoba za nkhono ndi madzi obiriwira. Dzuwa lisanalowe, Mmalawi aliyense wa ku Thamesmead anali atamva kuti malemu anali wokhwima. Tsopano amayi a mpingo obwera kudzakhuza maliro anangokhala phee, mabuku a nyimbo ali chitsekere pamiyendo, ndipo abusa anatumiza mawu akuti afunse kaye akulu a mpingo asanavomere kuyendetsa mwambo. Anthu omwewo ankanyambita zala pa nyama ya mbuzi imene Felton ankawaotchera pa Khrisimasi!

"Ankolo, si mankhwala amenewa," anatero Chiyamiko, mwana wa malemu, ataima patali ndithu. "Ndi utoto. Dadi ali kuyunivesite anakakumba nawo mabwinja ku Turo, ku Lebanoni, mzinda wakale wa Afoinike. Kugombe anapeza milu ya zigoba zoswa. Anthu akumeneko ankaoletsa nkhono n'kupeza chibakuwa chovala mafumu. Dadi ankati mzinda wonse unkanunkha chonchi."

"Ndiye iwo anafuna kuti Thamesmead nayo inunkhe?"

"Ankafuna aone ngati zingatheke. Nkhonozi ankakatola okha kunyanja."

"Mwana iwe, ndikawauze abusa kuti mphunzitsi wa mbiri, munthu wa madigiri, ankavunditsa nkhono za mafumu? Andiseka." Rogers anatembenukira kwa Mable. "Alamu, tikhuthulire m'dreni. Tinene kuti anali manyowa a maluwa, basi nkhani ithe."

Bodzalo linamuwawa Mable, koma mwamuna wake aikidwe chinunu, popanda nyimbo, ngati galu? Ayi. Anapinda chitenje, napuma mpweya wambiri, nakoka chidebecho yekha mpaka pa dreni. Madziwo anatuluka ali nandanda. Kenako pansi pa chidebe panatsetsereka kansalu kachikasu, kakuda ndi matope a nkhono.

Anakatola ndi kamtengo. M'mphepete mwake munali msoko wa manja ake omwe. Linali duku lake loyera lopitira kutchalitchi, lija analifuna nyumba yonse nthawi ya Pasaka mpaka kumukalipira Chiyamiko.

"Mbava iwe, Felton!" anakuwa. "Duku langa labwinobwino kuliviika m'zonyansazi?"

Ali chiligwirire choncho padzuwa, nsaluyo inayamba kusintha. Chikasu chija chinasanduka chobiriwira, kenako chinadera, mpaka duku lonse linafiirira mozama, mtundu umene Mable sanauonepo pa nsalu iliyonse ya pamsika wa Lewisham. Rogers anachotsa tayi pamphuno osadziwa.

"Zatheka," Chiyamiko ananong'ona, misozi ili mbwembwembwe. "Mami, Dadi ankalephera nthawi zonse. Anandiuza kuti zikadzatheka, oyamba kuvala ndinu, koma ndisakuuzeni chifukwa mudzawathamangitsa m'nyumba."

"Ndikanawathamangitsadi," anatero Mable.

Analifinya dukulo ndi manja ake, zala zikufiirira. Linkanunkhabe koopsa. Anavula lakuda limene anavala, namanga lonyowalo kumutu, madzi akuyenderera m'khosi.

"Alamu, mukupita kuti chonchi?"

Mable analowa pabalaza n'kukhala pakatikati pa amayi aja. Ena anagwira mphuno, wina anasendera kukhoma. Iye anawayang'ana mmodzimmodzi, osafulumira.

"Kukhwima kwa bambo a Chiyamiko ndi uku ndavalaku," anatero. "Kuoneni bwinobwino. Mukatha, tsegulani mabukuwo."