Waya Woluma wa Kwa a Jameson

Waya woyanikapo zovala kwa a Jameson pa Lisungwi unayamba kuluma. Mvula ikangowaza, aliyense woukhudza ankadumpha ngati waponda khala la moto.

Golosale ya a Jameson inali ndi magetsi oikidwa mwalamulo, koma nyumba yawo kuseri kwake inali idakali ya koloboyi. Atafuna kukokerako magetsi, mlamu wawo Laimoni, wokonza mawailesi, anadzipereka.

"Alamu, mpaka kuitana munthu ku Blantyre ine ndilipo? Pano ndi matipate, aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito imene wafuna!"

A Jameson anaopa kukhumudwitsa akuchikazi, choncho anavomera. Laimoni anapiringiza chingwe cha magetsi pa waya wa zovala uja, polumikiza n'kukulungapo mapepala a shuga. Babu litayaka, anadziombera yekha m'manja.

"Bambo, waya uwu udzapha munthu," anadandaula motero mkazi wawo, Deliwe. "Dzulo wandigwedeza mpaka mano."

"Achimwene anu akuti magetsiwo akuzolowera kaye malo. Muziyamba mwayanika pa udzu."

Kenaka kunabwera mayi ake a Deliwe kuchokera ku Matandani. A Jameson anali mkamwini wamwambo, woti akaona apongozi panjira amapatukira kutchire. M'mawa mwake kutawaza mvula, anangoona apongoziwo akulunjika pa waya, chitenje chonyowa chili m'manja. Deliwe anali atapita ku mjigo. A Jameson anafuna kukuwa, koma kodi apongozi amakuwidwa? Bambo wamkulu anagwada chapatali n'kuyamba kuomba m'manja mwaulemu.

"Pepanitu amayi, mwadzuka bwanji? Ndimati ngati n'kotheka..."

"Mayo ine!"

Mayi aja analumpha kuposa mtsikana wa chitelele, n'kukafikira m'khosi mwa mkamwini wawo, gwa! Onse awiri anagubudukira m'matope. Ogula pa golosale anasuzumira, ena n'kugwira pakamwa.

Mayi Constance, namwino wokhala moyandikana nawo, anathamangira kaye m'golosale kukazimitsa magetsi onse pa swichi yaikulu. Atatero anawayeza mayi aja, n'kunena kuti apitebe kuchipatala akaonedwe bwino.

"Nsapato za pulasitikizi zakuthandizani," anatero. "Mukanaponda pansi opanda kanthu, bwenzi pano tikutuma uthenga wa maliro. Anaika chingwechi ndani?"

Laimoni, yemwe anali atangofika kumene, anayamba kuyang'ana nkhuku.

"Koma babu linayakatu," anayankha chapansipansi.

"Nyumba ikamapsa imawalanso, achimwene. Kodi kuchipatala timalola aliyense kubaya jakisoni poti kwabwera matipate? Woika magetsi amaphunzira, amayesedwa, n'kulembetsa ku boma, ndipo amakhala ndi chiphaso. A Jameson, pitani ku ofesi ya magetsi akakuuzeni anthu ovomerezeka. Akamaliza ntchito aiyeze, akupatseni satifiketi yosainidwa. Ngakhale kungokokera magetsi kuseri kuno, njira yake ndi yomweyo."

A Jameson anachita manyazi kwambiri, komanso mantha, poganiza kuti akanaika apongozi m'manda chifukwa choopa mlamu. Anakwera minibasi, ndipo anabwera ndi a Lucius, woika magetsi wolembetsedwa. Asanawapatse ndi mpando womwe, anati, "Pepani, tione kaye chiphaso." A Lucius anachitulutsa akumwetulira.

Anachotsa zonse za Laimoni, anadutsitsa mawaya m'mapaipi, n'kukhomera waya wina m'nthaka woteteza anthu. Anayeza ndi makina awo, anasaina satifiketi, ndipo a ku ofesi atadzayendera anavomereza. Laimoni anaonerera ntchito yonse, pomaliza n'kufunsa kumene amaphunzitsa zimenezi.

Tsiku lobwerera ku Matandani, apongozi anaima pakhomo pa golosale. A Jameson anafuna kubisala kuseri kwa matumba a mchere.

"Tulukani, bambo. Munthu ndinakukumbatirani kale msika wonse ukuona, mundithawiranjinso? Ndikuuzeni pamaso: ulemu wanu ndaulandira, koma unatsala pang'ono kundipha. Tsiku lina mukadzaona ngozi, kuwani. Ndipo mwana wanga Laimoni akadzabweranso ndi pulayazi yake, m'kanizeni. Ndavomereza ndine."

Abale, magetsi sadziwa chibale. Musanalole munthu kugwira mawaya a m'nyumba mwanu, onani chiphaso chake, ndipo akamaliza landirani satifiketi. Kuli bwino mlamu akwiye kusiyana n'kuti pakhomo pagwe maliro.