Kusamutsa Pulogalamu ya a Overton

Mawu ofiira aja anabweranso pagalasi la kompyuta. Chawezi anatsamira khoma, laputopu ili pamaondo. Anakhala pa masitepe okwerera kuzipinda zam'mwamba chifukwa m'nyumba monse munalibe pena pokhala. Pabalaza amayi a kutchalitchi anali atayamba nyimbo ina, motsitsa mawu kuopa aneba. Pakhomo nsapato zinali mbwee, zonyowa ndi mvula ya ku Sheffield, yomwe siisamala kuti pakhomo pagwa zovuta.

Bambo ake, a Overton, anamwalira pakati pa sabata, mtima utangoima akudikira tiramu, sitima yam'tauni. Anasiya mkazi wawo a Esnath, mwana wamkazi mmodzi yekhayu, ndi kabungwe kosamalira okalamba m'makomo mwawo. A Esnath, pokhala namwino, ankadziwa odwala. A Overton ankadziwa kompyuta, ndipo analumikiza okha kapulogalamu koyendetsera ntchito yonse. M'kati mwake munali timalamulo todziyendera tokha, timene iwo ankati mafulo. M'mawa uliwonse wantchito aliyense ankalandira uthenga pafoni womuuza khomo loti apite, nambala yotsegulira chitseko ndi mankhwala oti akapereke.

Tsoka lake, zonsezi zinali mu akaunti ya malemuwo. Akulu awo, a Lazarus, atafika kuchokera ku Bradford anafuna maadiresi a anthu oti awauze za maliro, basi n'kuyamba kulota pasiwedi. Anayesa dzina la kumudzi, la mayi wawo, la timu ya mpira, mpaka akaunti inadzitseka. Mauthenga analeka kupita. Dzulo lake gogo wina wachizungu anagona mpaka masana osadya, osamwa mankhwala, wantchito aliyense akuyesa kuti kwapita mnzake. Mawa linali Lolemba, tsiku la makomo ambiri, ndipo Chawezi ankaopa kuti zikachitikanso maliro sakhala amodzi.

Bambo ankasunga kope la pulogalamuyo pa laputopu. Ndilo limene Chawezi ankalimbana nalo kuti lilowe mu akaunti yatsopano ya mayi ake. Iye ntchito yake inali yopereka mankhwala kuchipatala, za mafulo ankangozimvera patebulo podya.

"Iwe Chawezi." A Lazarus anaima pansi pa masitepe, atavala jekete la suti pamwamba pa juzi. "Anthu achokera ku Bolton, ena ku Leeds, kudzakupepesa iweyo. Akufunsa kuti mwana ali kuti. Ndiwayankhe kuti ali pa intaneti?"

"Ndikubwera, bambo aakulu. Ndingomaliza izi."

"Bambo ako sanaikidwe n'komwe. Katundu wa malemu sakhudzidwa abale asanakhale pansi. Kodi ku Ingilandi kunakuiwalitsa zonse?"

Chawezi anafuna kufunsa kuti amene anayamba kukhudza ndani, koma anameza mawuwo. Maso a bambo aakuluwo anali ofiira, ndipo chifikireni anali asanadye.

"Ndikapanda kukonza, mawa osamalira okalamba sadziwa kopita," anatero.

"Ntchito, ntchito. Ndi imene yamupha mng'ono wanga, ntchito yomweyi." Anabwerera pabalaza akupukusa mutu.

Chawezi anawerenganso mawu ofiira aja mofatsa, monga amawerengera zolemba za dokotala wa dzanja loipa. Pulogalamu inali kudandaula kuti mafulo alibe potumizira mauthenga, popeza onse anamangiriridwa ku imelo ya a Overton. Anayamba kuwatsegula limodzilimodzi, kuchotsa imelo ya bambo, kuikapo ya mayi. Fulo lililonse bambo analipatsa dzina lachichewa. Lina linali Dzukani, lina Mankhwala, lina Mwafika Bwino. Ankamva mawu awo m'mayinawo, ndipo kufufuta imelo yawo kunamuwawa ngati akuwatulutsa m'nyumba.

Kenako pulogalamu inafuna nambala yotsimikizira, yomwe inatumiza kufoni ya mayi. Chawezi analowa pabalaza chowerama, kudutsa pakati pa miyendo ya azimayi okhala pa kapeti, nakagwada pafupi ndi a Esnath. Anali atafunda chitenje kumutu, nkhope itatupa. Anangotulutsa foni m'munsi mwa pilo n'kumupatsa, azimayi ena akuyang'anizana.

Atabwerera pa masitepe anayambanso. Kamzere kobiriwira kanayenda, kanayenda, kanatsala pang'ono kufika kumapeto. Apo kanaima. Mawu ofiira anati pali ntchito imene inapatsidwa kwa munthu yemwe sakupezeka mu akaunti yatsopano, choncho palibe chimene chalowa.

Chawezi anagwira kumutu. Antchito onse anali atawalembetsa kale, mmodzimmodzi, akuonera pafoni ya mayi. Anawaonanso. A Shirley analipo, a Fanny analipo, onse analipo. Ndiye wosowayo ndani? Anatsegula ndandanda wa maulendo a sabata yonse, natsika nawo kuyambira Lolemba, chala chili pagalasi. Mvula inakula. Kukhitchini wina anagwetsa chivundikiro cha poto.

Anamupeza kumapeto kwenikweni. Lamulungu masana, ku Burngreave, kwa a Mwelwa. Pamalo pa dzina la wantchito panalembedwa kuti Overton.

Bambo sankasamalira odwala. Sankatha ngakhale kuona jekeseni, ndipo m'nyumbamo ankasekedwa nazo. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankati akukaona za ofesi, Chawezi n'kumawanena kuti ndi kapolo wa kompyuta.

"Mami," anaitana chapansipansi atasuzumira pabalaza. "Tabwerani pang'ono."

A Esnath anadzuka movutikira. A Lazarus nawo anatsatira, poganiza kuti mwanayu wapeza za inshuwalansi. Atatuwo anapanikizana m'kanjira kopapatiza, pakati pa majekete onyowa.

"A Mwelwa ndi ndani? Pulogalamu ikukana kulowa chifukwa ulendo wawo uli m'dzina la adadi."

A Esnath anayang'ana pagalasi kwa kanthawi. Kenako anagwira pakamwa.

"Mayo ine. Lero ndi Lamulungu." Anakhala pansi pa sitepe. "Sitinawauze. Alamu, a Mwelwa sitinawauze."

"Ndani ameneyo?" anafunsa a Lazarus.

"Mdala wina wa ku Zambia. Anali dalaivala wa basi kuno. Anachita sitiroko, manja sagwira. Tinkawasamalira kale, koma kenako anawasamutsira kubungwe lina. Atsikana a kumeneko amawasambitsa bwinobwino, koma kumeta ndevu amathamanga nako, amawacheka. Ndiye iwo anakana, akuti bola ndikhale ngati mbuzi. Abambo ake Chawezi atamva anati ndizipita ine." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Anadzilemba m'menemo kuti foni iziwakumbutsa, paja kuiwala. Panopa mdalayo wakhala pampando kuwindo, thaulo lili m'khosi. Amakonzekeratu."

Pabalaza nyimbo inali itatha, wina akupemphera. Chawezi anamva chisoni chachikulu, ndi manyazi pang'ono, kuti munthu wakhala naye moyo wake wonse koma Lamulungu lake osalidziwa.

"Njira zilipo ziwiri," anatero. "Ndifufute ulendowu, kapena ndiikepo dzina la munthu wina. Apo ayi palibe chilowe, mawa mauthenga sapita."

"Atsikana athu onse Lamulungu ndi otanganidwa," anatero a Esnath. "Komanso a Mwelwa safuna mkazi kukhosi kwawo."

Chala cha Chawezi chinali pamwamba pa batani lofufutira. Anayang'ana mayi ake. Mayi ake anayang'ana pansi.

"Usafufute," anatero a Lazarus. Anakhosomola. "Ku Bradford ndi kuno si kutali. Lemba ine."

"Ndi sabata iliyonse, bambo aakulu."

"Ndamva. Ukufuna chiyani, imelo?"

Anamuuza imeloyo chilembo ndi chilembo. Chawezi anawalembetsa, nasintha dzina lija, nayambanso. Kamzere kobiriwira kanayenda mpaka kumapeto, ndipo mafulo onse anayaka. Pasanapite nthawi foni inalira m'thumba la jekete la a Lazarus. Anaitulutsa, naitalikitsa kumaso kuti awerenge. Uthengawo unali m'mawu amene mng'ono wawo anadzilembera yekha, wakuti nthawi yakwana, achimwene akudikira.

A Lazarus anabweza foniyo m'thumba.

A Esnath anadzuka n'kutsegula kabati ya pansi pa masitepe. Anatulutsa kachikwama kakuda kachikopa, kothetheka m'makona, nakapereka kwa alamu awo ndi manja awiri.

"Muli lezala, burashi ndi sopo," anatero. "A Mwelwa muwauze kaye za malirowa, musanayambe. Madzi akhale ofunda, osati otentha. Ndipo mukamameta pansi pa chibwano muziwagwira kumutu ndi dzanja linalo, amaopa. Malemu ankawaimbira kanyimbo, koma inu mungowayankhula."

A Lazarus anafunafuna nsapato zawo pamulu uja, nakapanira kachikwamako m'khwapa, m'kati mwa jekete, kuti kasanyowe.